Tsamba lofiira pa webusaiti ya sukulu: lipoti la ntchito ya sabata imodzi

Foni inalira Lolemba m'mawa, nyengo imene makolo amakhala kalikiliki kusakira ana awo malo a Fomu 1. Anali mayi amene amasunga ndalama pa sukulu ina ya sekondale yomwe si yaboma, anthu amene ndakhala ndikuwakonzera makompyuta kwa nthawi ndithu.

"Achimwene, tabwerani mudzatizimitsire chinthu chofiirachi. Webusaiti ndi yathu yomwe, koma kompyuta ikuti ndi yoopsa. Makolo akulephera kutenga mafomu."

Iwo ankafuna ntchito ya mphindi zisanu: ndifike, ndilowe mu Settings, ndizimitse chenjezo, ndizipita. Ntchitoyo inatenga sabata yathunthu, ndipo chenjezo limene anandiitanira sindinalizimitse. Ndalemba zonse monga zinayendera chifukwa pempho lotere timalilandira kawirikawiri ife okonza makompyuta, ndipo ambiri timangochita zimene tapemphedwa kuti kasitomala asakhumudwe.

Zimene ndinapeza nditafika

Aliyense muofesimo ankadandaula za "chenjezo" ngati ndi chinthu chimodzi. Ndinawapempha kuti aliyense akhale pa kompyuta yake andionetse chimene chikumuvutitsa. Zinapezeka kuti ndi zinthu zinayi zosiyana, zoyamba ndi zifukwa zosiyana.

Choyamba chinali m'chipinda cha aphunzitsi. Pakona yakumanja ya pansi pa sikirini pankatuluka timauthenga toti kompyutayo yadzaza mavairasi, dinani apa kuti muyeretse. Timauthengati sitinkachokera ku Chrome kapena ku antivirus. Wina anali atalowa pa webusaiti yoonera mpira ulere, webusaitiyo n'kumufunsa ngati akulola kuti izimutumizira mauthenga, iye n'kudina Allow. Kuyambira pamenepo inali ndi chilolezo chomulembera chilichonse, ndipo inkalemba mabodza ofanana ndi machenjezo enieni. Ndinalowa mu Settings, Privacy and security, Site settings, kenako Notifications, n'kuchotsa mawebusaiti onse achilendo amene anali pamndandanda wa ololedwa. Mwa zinayi zija, ichi chokha ndi chimene chinali choyenera kuzimitsidwa.

Koma pa kompyuta yomweyo ndinapezanso china chimene chinandidetsa nkhawa. Mphunzitsi wina, potopa ndi timauthenga tija, anaonera kanema wa pa YouTube n'kukasintha Safe Browsing, chitetezo cha mu Chrome chochenjeza za mawebusaiti oopsa, kuiika pa No protection. Mabodza aja anapitirira kubwera, pamene chitetezo chenicheni chinali chitachoka. Ndinachibwezeretsa nthawi yomweyo.

Chachiwiri chinali mulaibulale, pa kompyuta yakale ya Windows 7. Webusaiti iliyonse, ngakhale ya Google, inkakanidwa ndi mawu oti "Your connection is not private", pansi pake palembedwa NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Ndinangoyang'ana wotchi ya kompyutayo. Inali itabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Webusaiti iliyonse yoyamba ndi https imakhala ndi satifiketi yotsimikizira kuti ndi yeniyeni, yokhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera (za bungwe la Let's Encrypt, zimene mawebusaiti ambiri ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito, zakhala zikuperekedwa za masiku 90), ndiye kompyuta yosokonekera tsiku imaona ngati masatifiketi onse ndi olakwika. Gwero lake linali kabatire kozungulira ka CR2032 kamene kamakhala pa motherboard, komwe kamasunga nthawi magetsi akazima. Ndinasintha kabatireko, ndinakonza tsiku, vuto linatha. Za Windows 7 yeniyeniyo ndibwererako kumapeto.

Chachitatu chinali pa kompyuta ya mayi aja. Edge, browser (pulogalamu yotsegulira mawebusaiti) ya Microsoft, inkakana fayilo ya pulogalamu yolembera fizi, imene amagula kwa mnyamata wina wopanga mapulogalamu, ikuti fayiloyo "isn't commonly downloaded". Apa SmartScreen, chitetezo cha Microsoft cha mu Edge, sinkanena kuti yapeza vairasi. Inkangonena kuti fayiloyi siikuidziwa, popeza ndi anthu ochepa amene anaitengapo ndipo inalibe siginecha ya digito ya woipanga. Ndinamuimbira mwini wake kuti atsimikize kuti linkiyo anatumiza ndi iyeyo, ndinaikweza fayiloyo pa VirusTotal kuti ma antivirus ambirimbiri aiunike pakamodzi, ndipo itatuluka yoyera ndinadina Keep pa fayilo imodzi yokhayo. SmartScreen inakhalabe yoyaka. Ndinawachenjezanso kuti pa VirusTotal asamakwezepo makalata kapena mindandanda ya maina a ana, chifukwa zimene zakwezedwa pamenepo zimatha kuonedwa ndi ofufuza ena.

Zitatuzi zinatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Chotsala chinali tsamba lofiira lija.

Tsamba lofiira

Ukalemba adiresi ya sukuluyo mu Chrome, sikirini yonse inkasanduka yofiira ndi chenjezo loti webusaitiyi ndi yoopsa, ingakunyengerere kupereka pasiwedi kapena manambala a khadi la kubanki. Mu Firefox zinali chimodzimodzi. Pa iPhone ya aphunzitsi aakulu, Safari nayo inkachenjeza. Izi sizodabwitsa, chifukwa ma browser atatu onsewa amadalira mndandanda umodzi wa Google Safe Browsing. Edge ili ndi wake wa SmartScreen, ndipo tsiku limenelo inali isanayambe kuchenjeza za sukuluyo. Zimenezi ndi zimene zinkawalimbitsa mtima mayi aja: ngati Edge ikutsegula bwinobwino, ndiye kuti wolakwa ndi Chrome.

Umboni wawo wina unali wamphamvu kuposa pamenepo. Anandionetsa okha. Anadina Details pa tsamba lofiira lija, kenako mawu ang'onoang'ono ololeza kupitirira, ndipo webusaiti inatseguka: chithunzi cha geti la sukulu, uthenga wa aphunzitsi aakulu, fomu yolembetsera. Panalibe cholakwika chilichonse chooneka ndi maso.

"Mwaona? Vairasi yake ili pati? Kapena Google silakwitsa?"

Ndinawayankha kuti imalakwitsa. Pa 31 Januwale 2009, kwa nthawi yosakwana ola limodzi, Google inalemba chenjezo loti "This site may harm your computer" pa webusaiti iliyonse imene inkatuluka munthu akasaka, kuphatikizapo ya Google yomwe. Munthu anali atalowetsa molakwika kachizindikiro ka / pamndandanda wa maadiresi oipa, ndipo kachizindikiroko kamapezeka mu adiresi iliyonse. Masiku ano nazonso zimachitika kuti webusaiti yabwinobwino yaikidwa pamndandanda mosayenera. Choncho sindinafike ndi maganizo oti makina salakwa. Ndinangowapempha kuti andipatse maola ochepa ndifufuze tisanagamule mlandu.

Ndinawafotokozeranso chinthu chimodzi chimene chinasintha nkhani yathu yonse. Kuzimitsa Safe Browsing kumagwira ntchito pa browser imene wazimitsirapo basi. Ndikanazimitsa pa makompyuta onse a pasukulupo, kholo limene lili ku Mzuzu kapena ku Johannesburg likanaonabe tsamba lofiira pa foni yake. Chikanasintha n'chakuti a muofesimo akanasiya kuona vutolo, makolo n'kumaliona okha. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Chabwino, fufuzani."

Kufufuza

Ndinayamba ndi tsamba la Google Transparency Report, pamene aliyense angalembe adiresi n'kuona zimene Safe Browsing ikunena. Linati masamba ena a webusaitiyo ndi osatetezeka. Mawu oti masamba ena ndi ofunika kuwamvetsa. Browser ikamayerekeza adiresi ndi mndandanda, siyang'ana adiresi yathunthu yokha. Imaiduladula, kuyambira dzina la webusaiti mpaka mafoda a mkati, n'kupanga chidindo cha chidutswa chilichonse ndi njira ya SHA-256, ndipo imayerekeza mabayiti anayi oyambirira a chidindocho ndi amene ali pamndandanda. Akafanana, imafunsa seva ya Google kuti itsimikize. Ndiye chenjezo likhoza kugwera tsamba limodzi, foda imodzi, kapena webusaiti yonse ngati zoipazo zafalikira. Mu Marichi 2024 Google inalengeza kuti Chrome iyamba kufunsa seva nthawi yomweyo ngakhale pa chitetezo chake cha nthawi zonse chotchedwa Standard protection, ponena kuti mndandanda wosungidwa pa kompyuta umasinthidwa pakapita mphindi 30 mpaka 60, pamene mawebusaiti ambiri achinyengo sakhalitsa mphindi 10.

Kuti ndidziwe masamba ake enieni ndinafunika Google Search Console, malo amene Google imaonetsera mwini webusaiti zimene yapeza pa webusaiti yake, koma sukuluyo inali isanalembetsepo. Amene anapanga webusaitiyo anali atasamuka kalekale, ndipo anangosiya pasiwedi ya cPanel (polowera poyang'anira mafayilo a webusaiti pa seva) yolembedwa pa kapepala mu dirowa ya aphunzitsi aakulu. Ndi pasiwediyo ndinakweza kafayilo kotsimikizira kuti webusaitiyo ndi yathu, ndipo nditatsegula gawo la Security issues ndinapeza maadiresi angapo amene palibe aliyense pasukulupo anawaonapo. Onse anali mkati mwa foda ya wp-content/uploads.

Webusaitiyo inapangidwa ndi pulogalamu yopangira mawebusaiti yotchedwa WordPress, ndipo foda imeneyi ndi yosungira zithunzi ndi mafomu. Ndinasanja mafayilo motsatira tsiku limene anasinthidwa komaliza. Pakati pa zithunzi za tsiku la masewera panali kafoda kobisika kokhala ndi mafayilo a PHP, omwe ndi timapulogalamu togwira ntchito pa seva. Nditatsegula limodzi la masamba ake pa kompyuta yanga yoyeserera, linali chifaniziro chenicheni cha tsamba lolowera mu imelo ya Microsoft, lopempha adiresi ndi pasiwedi. Zimene munthu walemba pamenepo zinkatumizidwa kwa akuba amene anathyola webusaitiyo. Poika tsamba limeneli, anthu amenewa analibe nazo ntchito sukuluyo kapena makolo ake. Ankafuna malo aulere okhala ndi dzina looneka laulemu, kuti maimelo awo achinyengo otumizidwa kwa anthu a m'mayiko ena azikhala ndi linki yosakayikitsa.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndinachipeza mu fayilo ya .htaccess, imene imauza seva kotumiza mlendo aliyense. Munali mizere yowonjezeredwa imene inkayang'ana zinthu ziwiri: kodi mlendoyu wabwera pa foni, ndipo kodi wadzera pa kusaka kwa Google? Zonse ziwiri zikakhala choncho, ankamutumiza ku webusaiti ina yomuuza kuti wapambana mphoto. Wobwera pa kompyuta atalemba yekha adiresi ankaona webusaiti yeniyeni. Ndinatsimikiza zimenezi ndi curl, kapulogalamu kopemphera tsamba ku seva, poyesa kawiri: koyamba ngati kompyuta wamba, kachiwiri nditadzitcha foni ya Android yochokera ku Google. Mayankho ake anali osiyana.

Apa m'pamene panagona nkhani. Mayi aja sankanama ponena kuti sakuona vuto, chifukwa akubawo anakonza dala kuti mwini webusaiti asaone kanthu. Amene ankaona anali makolo, omwe pafupifupi onse amalowa pa intaneti ndi foni ndipo saloweza adiresi, amangolemba dzina la sukulu mu Google. Ndinawabwereka foni mayiwo, ndinasaka dzina la sukulu, ndinadutsa chenjezo lija iwo akuona, ndipo m'malo mwa geti la sukulu munatuluka gudumu lozungulira la mphoto lopempha nambala ya foni. Sanatchulenso za kuzimitsa.

Polowera pake sipanavute kupeza. Theme ya webusaitiyo, imene imaipatsa maonekedwe ake, inali ya mtundu wogulitsidwa, koma inatengedwa ulere pa malo ena ogawa zinthu zobedwa, ndipo mkati mwake munali khomo lobisika. Ma plugin, timapulogalamu towonjezera pa WordPress, anali asanasinthidwepo chiyambire. Pamndandanda wa oyang'anira panali akaunti ina ya administrator imene palibe amene ankaidziwa.

Kuyeretsa

Ndinayamba ndi kukopera zonse monga zinalili, mafayilo ndi database, n'kuzisunga padera ngati umboni. Kenako ndinatseka webusaitiyo n'kusiyapo tsamba limodzi lokhala ndi nambala ya ofesi. Makolo tinawalembera uthenga pa magulu a WhatsApp a sukuluyo: fomu ikupezeka kuofesi kapena tikutumizirani pa foni, ndipo amene analemba nambala yake kapena pasiwedi pa tsamba lililonse la mphoto asinthe pasiwediyo ndipo asapereke PIN ya Airtel Money kapena Mpamba kwa aliyense woimba foni. Aphunzitsi aakulu poyamba anazengereza, poopa kuti uthenga wotere uchititsa manyazi sukulu. Ndinawauza kuti makolowo akhala akuona tsamba lofiira kwa masiku angapo popanda wowafotokozera, ndipo kukhala chete kukanawapangitsa kuganiza zoipa zoposa zimene zinachitikadi. Anavomera, uthenga unapita.

Sindikhulupirira zoyeretsa webusaiti yobedwa pofufuta mafayilo oipa amodziamodzi, chifukwa nthawi zonse pamatsala ena. Ndinachotsa mafayilo onse a WordPress n'kuika atsopano ochokera ku wordpress.org. Theme yobedwa ija ndinaitaya, ndinaika ina yaulere yovomerezeka, ngakhale kuti maonekedwe a webusaiti anasintha. Ma plugin osagwiritsidwa ntchito ndinawachotsa, otsalawo ndinawatenga atsopano. Mu foda ya uploads ndinangobwezeramo zithunzi ndi ma PDF, n'kuletsa kuti fayilo ya PHP iliyonse isamagwire ntchito mmenemo. Akaunti yachilendo ija inachotsedwa. Ndinasintha mapasiwedi a cPanel, FTP, database ndi a oyang'anira onse, ndinasinthanso makiyi achinsinsi a mu wp-config.php kuti aliyense amene anali atalowa kale atulutsidwe, ndipo ndinaika njira yolowera yofuna nambala yachiwiri ya pa foni.

Pofika Lachiwiri madzulo zonse zinkaoneka zoyera, ndipo aphunzitsi aakulu ankafuna kuti ndipemphe Google iunikenso usiku womwewo. Ndinakana. Kuyambira 2016 Google ili ndi lamulo la mawebusaiti obwerezabwereza, amene amayera pofuna kuti chenjezo lichotsedwe kenako n'kuyambiranso: oterowo amaletsedwa kupempha kuunikidwa kwa masiku 30. Lamuloli analipangira ochita dala, osati obedwa, komabe pempho lokanidwa limatayitsa masiku, ndipo ife tinali pakati pa nyengo yolembetsa ana. Ndinafuna ndione kaye ngati chilichonse chibwerere.

Chinabwereradi. Lachitatu m'mawa mu uploads munali fayilo yatsopano ya PHP. Sinkatha kugwira ntchito chifukwa cha chiletso chija, koma kupezeka kwake kunatanthauza kuti pali chimene ndinaphonya. Ndinali ndisanayang'ane gawo la Cron Jobs mu cPanel, losungira malamulo amene seva imachita yokha pa nthawi yake. Mmenemo munali lamulo limene linkakoka fayiloyo kuchokera ku seva ya kunja pa nthawi yoikika. Ndinalichotsa, ndinasinthanso mapasiwedi, ndinadikira tsiku lina lathunthu. Lachinayi kunalibe chatsopano.

Pamenepo m'pamene ndinadina Request review mu Search Console. Ndinalemba mwachidule zimene tinapeza, pamene akubawo analowera, ndi zimene tinachita pa chilichonse. Loweruka chenjezo linali litachoka pa Chrome, Firefox ndi Safari. Edge nayo inali itayamba kuchenjeza pakati pa sabata, ndiye ndinatumiza lipoti lapadera kwa Microsoft kudzera pa linki imene imakhala pa tsamba lake lochenjeza, popeza kuyera pamndandanda wa Google sikukhudza wa SmartScreen.

Nanga likanakhala chenjezo lolakwika?

Funsoli anandifunsa mphunzitsi wa kompyuta pasukulupo, ndipo ndi funso loyenera. Ndikanapeza kuti webusaitiyo ndi yoyera, njira inali yomweyo ya Search Console, pamodzi ndi fomu ya Google yodandaulira za chenjezo lolakwika. Podikira yankho, munthu amene watsimikiza angathe kudutsa pa tsamba limodzilo kudzera pa Details, chitetezo cha mawebusaiti ena onse chili chikhalire. Kwa bungwe lokhala ndi makompyuta oyang'aniridwa pamodzi, Chrome ili ndi policy yotchedwa SafeBrowsingAllowlistDomains ndipo Edge ili ndi SmartScreenAllowListDomains, zolola dzina limodzi kapena angapo popanda kuzimitsa zonse. Pa Windows zimagwira ntchito pa makompyuta olumikizidwa ku domain (netiweki ya bungwe yoyang'aniridwa pamodzi) kapena olembetsedwa mu dongosolo loyang'anira, osati pa kompyuta iliyonse ya panyumba. Ngakhale zikanatheka pasukulupo, sindikanaika webusaiti yawo pamndandanda wotero, chifukwa tsiku limene idzabedwenso a muofesi adzakhala omaliza kudziwa.

Poti zimitsiro lake lili pati, sindibisa. Mu Chrome ndi Settings, Privacy and security, Security, No protection. Mu Firefox ndi Privacy & Security, kuchotsa chizindikiro pa Block dangerous and deceptive content. Ine ndimazimitsa pa makina amodzi okha, oyeserera, opanda imelo kapena akaunti ya banki ya munthu aliyense, amene ndimawafufuta ndikamaliza. Pa kompyuta imene mayi amalowetsapo pasiwedi ya akaunti ya fizi za ana, sindingachite zimenezo ngakhale atandipempha kangati.

Zotsala

Mwamwayi webusaitiyo sinkasunga mafomu odzazidwa, makolo ankangotenga fomu yopanda kanthu n'kukaipereka pamanja, choncho maina ndi masiku obadwa a ana sanali pa seva. Ndinalangizabe aphunzitsi aakulu kuti adziwitse MwCERT, nthambi ya MACRA yoona za chitetezo cha pa intaneti imene inakhazikitsidwa pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo mafayilo a umboni aja ndinawasiyira pa flashi. Ndinawauzanso kuti ganizo lawo loyamba kulandira mafomu pa webusaiti chaka chamawa lidikire kaye mpaka papezeke munthu wodziwika amene udindo wake ndi kusamala webusaitiyo, chifukwa zidzakhudza zinsinsi za ana.

Search Console tsopano imatumiza mauthenga ake ku imelo ya mphunzitsi wa kompyuta ndi ya aphunzitsi aakulu. Tinagwirizana kuti ndizibwera kamodzi pa mwezi kudzaona ma update, mndandanda wa oyang'anira ndi Cron Jobs.

Kompyuta ya mulaibulale ndiyo sinathe. Microsoft inasiya kukonza Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Chrome 109, ya mu Januwale 2023, ndi yomaliza kugwira ntchito pa Windows imeneyo. Kabatire katsopano kanakonza wotchi, koma mabowo ena onse ali pomwepo. Ndinaichotsa pa intaneti, ana akuigwiritsa ntchito pophunzira kutaipa. Mayi aja alemba mtengo wa kompyuta ina mu bajeti ya teremu ikubwerayi, ndipo komiti ya sukulu ikambirana pa msonkhano wake wotsatira.